Timabowo ta Mumtima wa Wedisoni

Amene munagayitsako chimanga pa Kalinde zaka za m'mbuyomu mukumudziwa Wedisoni, bambo wamtali uja wa pachigayo, amene nsidze zake zinkakhala zoyera ndi ufa ngakhale Lamulungu. Koma nkhaniyi si yake kwenikweni. Ndi ya mkazi wake, Nangondo. Ndipo amene wasiya ndiwo pamoto akathire mchere tsopano lino, chifukwa ndikafika pakati sadzafunanso kuugwira.

Nangondo ankachapa zofunda ku resitihausi ya pamsikapo. Manja ake anali otuwa ndi sopo, zikhadabo zinatha kalekale. Kukhala pansi sankakudziwa. Akaona chovala chakuda, chake kapena cha mlendo, mtima sunkamukhala mpaka chitalowa m'beseni. Anzake ankamuseka kuti tsiku lina adzachapa ndi mthunzi wake womwe.

Chaka chimenecho mvula inagwa yosalekeza, ndipo denga la chigayo linkadontha. Wedisoni anaponda pamadzi, dzanja n'kukhudza waya wosupuka. Magetsi anamugwira, anamuponyera pamatumba a gaga. Anadzuka yekha, akuseka, akuti palibe kanthu. Koma thukuta linkangotsika, milomo itachita phulusa, ndipo anthu anamukweza galimoto kupita naye kuchipatala chachikulu.

M'wodimo anali ndi anthu awiri: Nangondo, ndi mkulu wake wa Wedisoni, a Gelesomu, amene anabwera kuchokera kumudzi kwawo kwa Mtsukwa atangomva. Madzulo a tsikulo Wedisoni anapempha madzi. Asanamalize mawu, maso anatembenuka, mutu unagwera kumbali. Mayi wina amene ankadikirira wodwala pabedi loyandikana anayamba kubuma maliro, anzake n'kumulandira. Nangondo sanalire. Anathamanga m'khonde akukuwa anamwino. A Gelesomu anatuluka khomo lina, foni ili kale kukhutu.

Anamwino anabwera akukankha makina okhala ndi zogwirira ziwiri. Kwa Nangondo zinkaoneka ngati masimbi ositira. Dokotala, mtsikana wamaso otopa, anaziika pachifuwa cha Wedisoni.

"Aliyense achoke pabedi."

Thupi linadumpha n'kugweranso. Palibe kanthu. Anawonjezera mphamvu, thupi linadumphanso. Anawonjezeranso. Kenako Wedisoni anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'chitsime. Pachifuwa pake panatsala zipsera ziwiri zofiira, zonga zimene simbi imasiya ukaiiwala pansalu.

Amayi aja anadula kulira, akuyang'anana mwamanyazi. Nangondo anatuluka kukafuna alamu ake kuti awauze. Sanawapeze. Anali atakwera kale matola, ndipo foni yawo inali itazima. A Gelesomuwo anadutsira kunyumba pa Kalinde, n'kutenga sutikesi ya zovala zonse za Wedisoni ndi bulangete, akuti akasankhemo zomuveka m'bokosi. Pamene uthenga woti munthu ali moyo unkafika kwa Mtsukwa tsiku lotsatira, adzukulu, anthu okumba manda aja, anali atamaliza dzenje.

Mwambo wake mukuudziwa. Dzenje likakumbidwa koma mwiniwake osafa, silisiyidwa kukamwa. Amadula thunthu la nthochi, kuliveka chovala cha munthuyo, kulitsitsiramo bwinobwino ngati mtembo, n'kukwirira. Nangondo anangoganiza kuti akuchimuna achita zimenezo. Iye anali ndi wodwala woti amusambitse.

Tsiku lotuluka m'chipatala Nangondo anamuimitsa dokotala uja pakhomo.

"Adokotala, magetsi ndi amene anawapha, magetsi omwewo ndi amene awadzutsa. Tandiuzeni zoona. Mkatimu mwatsala bwanji?"

Dokotala anaganiza pang'ono. "Mayi, mtima unapangidwa ndi timinofu tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Kalikonse kali ndi kakhungu kake kopyapyala, kamene kamasunga mchere wina mkati, wina kunja. Kulowa ndi kutuluka kwa mcherewo mwadongosolo ndi kumene kumagunditsa mtima. Magetsi amphamvu akadutsa, kakhungu kaja kamaboka timabowo. Mchere umatayikira uku ndi uku, timinofu timayamba taima kaye. Kenako timabowoto timatseka tokha, mtima n'kuyambiranso bwino."

"Timatseka liti?"

"Tambiri timatseka nthawi yomweyo."

"Nanga tinato?"

"Magetsi akachuluka kwambiri, tina sititseka, ndipo kamnofuko kamafa. Koma bambowa tawayeza, ali bwino. Azimwa mankhwala, asanyamule zolemera."

Wina anamuitana m'wodi, ndipo anapita. Nangondo anatsala ndi mawu amodzi okha m'mutu: tina sititseka.

Kunyumba zinthu zinayamba pang'onopang'ono.

Choyamba unali mchere. Ankausunga m'kabotolo pawindo. Adzaze m'mawa, pofika masana wafika pakati. Anaganiza kuti ndi chinyezi cha mvula. Anaganiza kuti ndi ana a oyandikana nawo, mpaka anakangana ndi amayi awo pampopi. Anabisa kabotoloko m'thumba la ufa. Unkatsikabe.

"Amayi, ndiwozi mwaiwala mchere," ankatero Wedisoni tsiku lililonse.

"Ndathira, abambo. Ndathira kawiri."

"Ndiye wapita kuti?"

Ankanyambita wina pachikhatho, n'kupukusa mutu. Akuti unkangomveka ngati mchenga.

Chachiwiri kunali kuzizidwa. Zovala zake zonse zinali kwa a Gelesomu, amene ankangoti abweretsa, abweretsa. Wedisoni anatsala ndi malaya amodzi omwe anavala tsiku la ngozi, ndipo ankakana kuwavula. Ankakhala pakhonde dzuwa likuswa mtengo, atakumbatira chifuwa chake.

"Mphepo ikulowa," ankatero.

"Ikulowa pati? Onani masamba a mango ali zii."

"Ikulowa muno."

Tsiku lina Nangondo anayatsa machesi kuti akoleze mbaula pafupi ndi iye. Lawi linapendekera kwa Wedisoni. Anasuntha, n'kuyatsa ena mbali inayo. Linapendekeranso kwa iye. Nsalu ya pakhomo nayo, iye akakhala chapafupi, inkafufuma kumulondola ngati pali wina akuipuma kuseri. Nangondo anagwada, n'kuika khutu pachifuwa cha mwamuna wake, pakati pa zipsera ziwiri zija. Mtima unkagunda ndithu. Koma kuseri kwa kugundako kunali kaphokoso kena, kakang'ono, konga mphepo ikamalira m'mabowo a misomali padenga la malata akale.

Sanamuuze. Anadzuka n'kukachapa.

Kenako anthu anayamba kumudumpha. A Fulatila, mnzake wa pachigayo, anabwera kudzazonda. Anakhala pampando, chipewa m'manja, n'kuyang'ana Nangondo yekha.

"Pepani, mayi. Zimachitika. Anali munthu wabwino."

"Iwe Fulatila," anatero Wedisoni, amene anakhala pamphasa pomwepo, mawondo awo atatsala pang'ono kugundana, "ukupepesa ndani?"

A Fulatila anadzidzimuka, chipewa chinagwa. Anaseka, anati ndi tulo, anati maso akukalamba. Tiyi sanamalize. Ndipo madzulo Nangondo atamusambitsa mapazi mwamuna wake, pansi pa beseni panatsala dothi lofiira. Dothi la pa Kalinde ndi lakuda, ndipo Wedisoni anali asanapondepo kunja kwa mpanda.

Tsiku lina masana, pochokera ku resitihausi, beseni lili pamutu, Nangondo anakumana ndi anthu achilendo. Panjira yodutsa m'chimanga panakhala amuna angapo m'mphepete, makasu atawagoneka pamiyendo. Miyendoyo inali yofiira mpaka m'mawondo. Nkhope sanaziwone, onse anaweramira pansi ngati anthu otopa kwambiri.

"Mwaswera, anamfedwa?" anatero mmodzi.

Nangondo anaima. "Ine si namfedwa. Amuna anga ali moyo."

"Ife tinamaliza kalekale. Tikungodikira."

"Mukudikira chiyani?"

"Dzenje layamba kulowa madzi, mayi. Munthu sangagone bwino m'madzi."

Wina kumapeto anakhosomola, n'kunena motsitsa, ngati akuuza mnzake: "Akubwera ndithu. Akubwera pang'onopang'ono, ngati ufa m'thumba loboka."

Nangondo anayenda osacheuka. Atafika pamtengo wa mthethe, mtima unamukakamiza, anatembenuka ndi beseni lomwe. Panjira panalibe munthu. Udzu umene anakhalapo unali chiimire, madontho a mvula akadali pamasamba.

Anabwereka foni pagolosale n'kuimbira alamu ake.

"Alamu, dzenje lija munakwirira?"

"Tinavundikirapo malata. Lili bwinobwino."

"Malata?"

"Mlamu, pamalo paja pali miyala, adzukulu anathyola makasu. Ndiye tikwirire lero, mawa tiwaitanenso? Munthu amene anafapo kamodzi sachedwa. Tiyeni tione kaye."

Nangondo anabweza foni osatsanzika. Atafika kunyumba anapeza Wedisoni atagona chammbali, mpweya ukutuluka wochepa. Phala analephera kumeza. Kaphokoso kaja tsopano kankamveka uli chiimire pakhomo.

M'mawa kutacha anagwada pambali pake. "Abambo, vulani malayawa."

"Ndizizidwa."

"Valani juzi yangayi. Vulani, ndilibe nthawi."

Anamuvula ngati mwana, n'kumuveka juzi yake yobiriwira. Atawanyamula malayawo anawayang'ana. Kolala inali yakuda bii, m'khwapa mwachita mawanga achikasu, fungo la chipatala ndi la munthu wodwala. Apite nazo zimenezi kwa akuchimuna? Kuti akanene kuti mkazi wochapira alendo akulephera kuchapira mwamuna wake? Manja anachita okha zimene anazolowera. Anawanyika, anawapaka sopo, anawafikisa pamwala mpaka kolala inayera, anawatsukuluza madzi atatuluka oyera. Dzuwa litawaumitsa anawasita ndi simbi yamakala, n'kuwapinda bwino m'jumbo. Kenako anapempha mayi woyandikana naye uja, yemwe anakangana naye za mchere, kuti aziyang'anako wodwala, n'kukwera kabaza.

Anafika kwa Mtsukwa dzuwa litapendeka pang'ono. A Gelesomu anali pakhonde akusenda nzimbe, atavala malaya abuluu a Wedisoni, aja ankapita nawo kutchalitchi.

"Alamu, ndabwera kudzakwirira dzenje. Ndipatseni khasu ndi anthu."

"Moni kaye, mlamu. Mwayenda bwanji?"

"Moni ndikupatsani pobwerera."

"Zinthu izi sitichita chothamanga. Mpaka abale akhale pansi. Komanso ife ndife opemphera, za mathunthu a nthochizi akumpingo akamva atidula."

"Pokumba munakhala pansi ndi ndani? Munthu asanazizire n'komwe inu munali kale pamatola."

A Gelesomu analavula zotsalira za nzimbe. "M'jumbomo muli chiyani?"

Anawaonetsa. Iwo anawatenga, kuwanunkhiza, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwachapa? Mlamu, inu ndi kuchapa. Kumandako sawerenga dzina, sayang'ana nkhope. Amanunkhiza thukuta. Apa anunkhiza chiyani, sopo wa ku resitihausi?"

Nangondo anayang'ana malaya abuluu aja. Kubwerera pa Kalinde kunali kutali, ndipo kunalibenso chovala china choti akatenge. "Ndiye vulani amene mwavalawo. Ndi ake."

Kuseka kunatha. A Gelesomu anagwira mabatani a pakhosi. "Awa ndayenda nawo padzuwa, muli thukuta langa. Mukufuna mukwirire ine?"

"M'sutikesi muja?"

"Tinagawana. Aliyense wavala kale zake."

Amayi a pamudzipo anali ataima m'makomo, akumvetsera. Palibe anasuntha. Nangondo anatenga khasu ndi chikwanje zimene zinatsamira nkhokwe, osapempha. Kuseri kwa bafa kunali nthochi. Anasankha thunthu lotalika ngati mwamuna wake, analigwetsa, analisadza masamba. Anavula chitenje chapamwamba, analimanga nacho n'kulibereka kumsana ngati mtolo wa nkhuni. Mumtima ankati mwina m'misoko ya kolala mwatsalako kafungo. Mwina sopo sanafike monse. Koma ankadziwa kachapidwe kake.

Munthu wamkazi salowa yekha kumanda. Mayi wina wachikulire anamuitana chapansipansi kuti abwerere. Nangondo anangopitirira.

Njira inali yokwera. Thunthu la nthochi ndi madzi okhaokha, limalemera kuposa mwana wa zaka khumi. Thukuta linatsika m'khosi, linadutsa mumsana, linanyowetsa chitenje mpaka chinamata pathupi. Atalowa m'nkhalango ya manda, nyenje zimene zinkalira zinaleka zonse pamodzi.

Dzenjelo analipeza mosavuta. Malata awiri adzimbiri, miyala pamwamba, mulu wa dothi lofiira pambali utamera kale tiudzu. M'malatamo munali mabowo a misomali, ndipo ngakhale kunalibe mphepo, mabowowo ankalira. Linali liwu lomwe lija. Tsamba louma limene linali pafupi ndi bowo lina linkanjenjemera, likukokedwera pansi.

Anachotsa miyala, anakoka malata. Sanayang'anitsitse mkati. Anangoona kuti ndi mozama, ndipo pansi pali madzi akuda osagwedezeka. Kumbuyo kwake, m'mitengo, kunamveka ngati anthu akusintha kakhalidwe, ngati khasu lagunda linzake. Sanacheuke.

Analiveka thunthulo malaya oyera aja, n'kumanga mabatani onse mpaka pakhosi.

"Uyu ndi Wedisoni," anatero mokweza. "Mwamudikira, ndi uyu. Mutengeni, winayo mumusiye."

Mpweya unkangolowabe m'dzenjemo, ukumukoka m'mipendero ya diresi.

Mtembo saponya, amatsitsa. Chingwe analibe. Anakulunga chitenje chake chonyowa chija pakati pa thunthu, nagwira nsonga ziwiri, n'kugona chafufumimba pamlomo wa dzenje. Anatsitsa pang'onopang'ono, manja atatambasuka mpaka mapewa kuwawa. Thunthu linakhudza madzi. Anasiya nsonga imodzi kuti asolole nsaluyo ndi inayo.

Nsaluyo inakana.

Anakoka. Inakanabe. Sikunali kukodwa kwa nsalu yopanikizika ndi cholemera, kumeneko ankakudziwa bwino. Kunali ngati mnzako wa pamtsinje wagwira mbali inayo kuti mufinye bulangete. Kenako kuchokera pansipo kunamveka kupuma kwautali, kwa m'mphuno, monga amachitira munthu akamanunkhiza ndiwo. Nsalu inakokedwa kamodzi, mofatsa ndithu, n'kupulumuka m'zala zake.

Mphepo ija inaleka.

Nangondo anakhala chigonere. Chitenje ankachiona, chili pamwamba pa malaya oyera, maluwa ake ofiira akuda ndi madzi. Akanatha kudula mtengo wangowe n'kuchikola. Anauona n'kuuona mtengo wake, uli poteropo. Koma akachitulutsa, m'dzenjemo mutsala sopo yekha, ndipo pa Kalinde pali munthu amene walephera kumeza phala.

"Anthu inu," anatero, osadziwa ngati akunena a m'mitengo kapena a m'mudzi. "Ntchito yanu yomwe mpaka ndikugwirireni ine."

Anadzuka, anatola khasu, n'kuyamba kukwirira. Anakwirira yekha mpaka mulu unatha, manja atatuluka matuza. Anaponda pamwamba kuti dothi likhazikike. Potuluka, nyenje zinali zitayambiranso. Khasu ndi chikwanje anaziponya pakhonde la a Gelesomu osaima, ndipo moni uja sanawapatse.

Anafika pa Kalinde dzuwa likulowa. Wedisoni anali pakhonde, juzi ataivula, akudzipepesa nayo.

"Kwatentha bwanji lero," anatero. "Amayi, munali kuti? Njala yandipha. Nanga chitenje mwasiya kuti?"

"Ndabwereketsa."

Lamulungu lotsatira a Gelesomu anabwera ndi abale, atavala malaya abuluu omwe aja. Anaimba nyimbo, anayamika Mulungu, anayamika makina a kuchipatala. A Gelesomu anauza anthu kuti iwo sanatayepo mtima, ankadziwa kuti m'bale wawo achira. Za dzenje palibe anatchula. Nangondo anawaphikira nkhuku, anawatengera madzi osamba m'manja. Pogawa moni wotsanzika, mlamu wake wamkazi anagwira chanza aliyense, n'kumudumpha iye, ataima pakati penipeni pa khomo.

Atapita, Wedisoni anakhala akutsiriza msuzi. Ananyambita chala n'kukwinya nkhope.

"Koma amayi, lero mchere mwauwonjeza. Mumafuna kutipha?"

Nangondo analawa. Anatapa wina m'kabotolo, kamene tsopano kankatsika iye akangokayandikira, n'kuuika palilime. Mchenga.

Anatuluka kuseri. Mbale za alendo zinali mulu, zofunda za ku resitihausi zili m'beseni, zoti zikafike m'mawa zitasitidwa. Anayatsa machesi kuti akoleze makala a simbi, ndipo lawi linapendekera pachifuwa chake. Kuseri kwa mpanda, m'chimanga, khasu linagunda linzake.

Analiyang'ana lawilo mpaka linamuwotcha chala. Kenako anakokera beseni pafupi n'kutenga sopo.

"Mudikire," anatero. "Mudikire ndimalize kuchapa."